TIYENDE TIONE: Kodi anasenza miyalayi ndani?

Ntchito yokolola ikatha ndipo misewu ikauma, magulu ambiri a m'mipingo yathu amayamba kukambirana za maulendo. Achinyamata amasonkha ndalama, amayi amafunsa za galimoto, aphunzitsi a Sande sukulu amawerenga ana amene makolo awo angawalole kupita nawo. Funso limene limadya nthawi pa misonkhano yotere ndi lakuti: tipite kuti? Kawirikawiri pamapezeka wina amene amadandaula kuti kuno kwathu kulibe choona, ndipo kuti malo oti munthu akaone ali kwa anzathu, monga mapiramidi a ku Egypt, mabwinja a ku Mexico ndi mizinda yakale ya m'mbali mwa nyanja zamchere imene timaiona pa makalendala ndi pa wailesi yakanema.

Mwezi uno m'gawo lathu lino tikufuna kuyankha dandaulo limeneli. Ife a ku Zóbuè ndi ku Moatize tikukhala m'mbali mwa msewu umene uli ndi mabwinja ndi nyumba zakale zokwanira kuphunzitsa ana athu mbiri ya zaka 500. Chimene timasowa ndi funso loyenera kupita nalo kumeneko. Pa zipupa zambiri zakale pamalembedwa dzina la amene analamula kuti zimangidwe, kaya ndi mfumu, bwanamkubwa, bishopu kapena kampani. Dzina la amene anasenza mwala sililembedwa. Mlendo wanzeru akaima pa bwinja amafunsa za munthu wachiwiriyu, ndipo kuno ku Tete munthu ameneyu nthawi zambiri ndi kholo lathu.

Zimene mapiramidi amatiphunzitsa

Tiyambe ndi malo akutali aja, popeza ndiwo amatikopa mtima. Piramidi yaikulu ya ku Giza, m'dziko la Egypt limene ambiri a ife tinayamba kulidziwa ndi dzina lakuti Aigupto, inamangidwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo kuti ikhale manda a mfumu Khufu. Itangomalizidwa inali yotalika mamita 146, ndipo akatswiri amawerengera kuti muli miyala yosemedwa yokwana pafupifupi 2.3 miliyoni. Ambiri timaganiza kuti Aisraeli ndiwo anaimanga, koma piramidi imeneyi inali itakhala kale zaka mazana ambiri Mose asanabadwe, ndipo ntchito ya ukapolo imene buku la Eksodo limafotokoza ndi youmba njerwa.

Kwa zaka zikwi zambiri dziko linkangodziwa dzina la Khufu. Koma kuyambira mu 1990 akatswiri ofukula zakale anayamba kupeza manda a antchito pafupi ndi mapiramidiwo, ndipo m'zaka zomwezo anafukulanso mudzi umene antchitowo ankagonamo, ndi malo ophikira buledi wawo. Mu 2013, m'mbali mwa Nyanja Yofiira, anapeza zolemba za kapitawo wina dzina lake Merer, amene ankalemba tsiku ndi tsiku mmene gulu lake linkanyamulira miyala pa mabwato kuchokera ku Tura kupita ku Giza. Lero munthu amene wamva za Merer amaiona piramidi ija ndi maso ena.

Ku Mexico alendo amapita kukaona zinthu ziwiri pa ulendo umodzi, mapiramidi a eni dziko ndi mizinda yokongola ya atsamunda a ku Spain. Zinthu ziwirizi ndi nkhani imodzi. Mzinda wa Mérida unakhazikitsidwa mu 1542 pamwamba pa mzinda wa anthu a mtundu wa Maya, ndipo miyala ya mapiramidi awo inagwiritsidwa ntchito pomanga nyumba za atsamunda. Ku Cholula tchalitchi chinamangidwa pansonga pa piramidi imene inali itakwiririka n'kumaoneka ngati phiri. Mu mzinda wa Mexico City, umene uli pamalo pamene panali Tenochtitlan asanagonjetsedwe mu 1521, antchito a magetsi akukumba pansi mu 1978 anagunda mwala wosemedwa umene unatsogolera akatswiri ku kachisi wamkulu wa Aaziteki. Phunziro lake n'lakuti pansi pa mzinda wa atsamunda pamakhala mudzi wa anthu ena. Tilisunge phunziroli, tikalifuna tikafika ku Tete.

Nyumba za miyala za makolo a kuno

Kumwera kwa Zambezi kulibe mapiramidi, koma kuli chinthu chofanana nawo pa ulemerero. Pafupi ndi Masvingo m'dziko la Zimbabwe pali mabwinja a Great Zimbabwe, mzinda umene unamangidwa ndi kukhalamo anthu kuyambira cha m'ma 1100 kufika cha m'ma 1450. Mpanda wake waukulu ndi wozungulira mamita pafupifupi 250, pena wotalika mamita 11, ndipo miyala yake inangosanjikizidwa mwaluso popanda matope kapena simenti. M'mabwinjawa munapezeka mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China ndi ku Persia, umboni wakuti eni mzindawo ankagulitsa golide ndi minyanga ya njovu kwa amalonda a kunyanja.

Funso lathu lija linavuta kwambiri pamalo amenewa. Mjeremani wina, Karl Mauch, atafikapo mu 1871 anafalitsa kuti nyumbazo zinali zokhudzana ndi mfumukazi ya ku Seba, chifukwa sanakhulupirire kuti anthu akuda angamange zotere. Akatswiri awiri, David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929, atakumba ndi kuyeza mosamala anatsimikiza kuti omanga anali Aafirika eni dziko. Ngakhale zinali choncho, boma la azungu la Rhodesia linkadana ndi choonadi chimenechi, kotero kuti katswiri wa boma woyang'anira mabwinja, Peter Garlake, anachoka m'dzikomo mu 1970. Dziko litalandira ufulu mu 1980 linatenga dzina lake ku mabwinja omwewo. Tikuona pamenepa kuti kufunsa amene anasenza miyala si nkhani yocheza chabe. Yankho lake linaopsa boma lathunthu.

Amene alibe pasipoti asataye mtima. M'chigawo chathu chomwechi, m'tauni ya Songo, muli malo okwera omangidwa ndi miyala motsatira luso lomwelo la Zimbabwe. Mayi Solange Macamo, katswiri wa ku yunivesite ya Eduardo Mondlane, anafufuza malo amenewa pamodzi ndi a Manyikeni ku Inhambane ndi ena otchedwa Degue-Mufa kufupi ndi Boroma. Ambiri amapita ku Songo kukaona damu la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, limene linamangidwa kuyambira mu 1969 kufika mu 1974 ndipo linakhala m'manja mwa Mozambique mu 2007. Ndi bwino kuona zonse ziwiri tsiku limodzi. Ndi bwinonso, poyang'ana madzi ochuluka aja, kukumbukira antchito amene anaboola miyala ya phompho limenelo ndi anthu zikwizikwi amene minda ndi manda awo zili pansi pa nyanjayo.

Kuchokera pa Zóbuè kutsikira ku Moatize

Tsono tiyeni tibwere pakhomo. Ulendo wathu weniweni ukuyambira pa Zóbuè kulunjika ku Tete, mtunda wa makilomita pafupifupi 120, ndipo chapa wamba akhoza kutifikitsa.

Chotsalira choyamba cha atsamunda n'chimene timachiwoloka osachiganizira, ndicho malire. Anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi m'pangano la mu 1891, ndipo kuno kwathu amatsata mtunda umene umagawa madzi, ena kutsikira ku Shire ena ku Zambezi. Palibe mfumu ya kuno imene inafunsidwa. N'chifukwa chake lero mwana wa ku Zóbuè amaphunzira Chipwitikizi pamene msuweni wake wa ku Mwanza amaphunzira Chingerezi, chonsecho kwa agogo awo onse amalankhula chinenero chimodzi.

Pa Zóbuè pomwepo pali malo a seminale yakale ya Akatolika, imene inayamba m'nthawi ya Bishopu Sebastião Soares de Resende wa ku Beira, ndipo ansembe a gulu la White Fathers ankaphunzitsapo. M'masiku amenewo sukulu za mwana wakuda zopitirira pulayimale zinali zowerengeka, choncho anyamata ankachokera kutali kudzaphunzira pamenepa. M'zaka za m'ma 1960 ena a iwo anawoloka malire kulowa m'Malawi n'kupitirira ku Tanzania kukalowa nkhondo yomenyera ufulu. Mu 1971 gulu lonse la White Fathers linatuluka m'Mozambique posafuna kuoneka ngati likuvomereza nkhanza za boma la atsamunda. Achinyamata athu ambiri amadutsa pafupi ndi malowa osadziwa zimenezi.

Tikamatsika ndi msewu timaona apa ndi apo zigumukire za mashopu akale amene akuluakulu amawatcha kantina, zina zopanda denga, zina mitengo itamera m'kati. Zimenezi ndi mabwinja a dzulodzuloli. Pa nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la mtendere la pa 4 Okotobala 1992, magalimoto ochokera ku Zimbabwe kupita ku Malawi ankadutsa msewu uno m'mdipiti moperekezedwa ndi asilikali, ndipo midzi yambiri inatsala yopanda anthu, eni ake atathawira kutsidya kwa malire. Amene anaona zimenezi akadali pakati pathu, ndipo ena timakhala nawo benchi imodzi Lamulungu lililonse.

Ku Moatize mbiri ili pansi pa nthaka. David Livingstone atafika ku Tete mu 1856 anaonetsedwa malasha m'mitsinje yothira mu Revúbuè, ndipo m'buku la maulendo ake anatchula dzina la kamtsinje ka Moatize. Njanji yochokera ku Dona Ana inafika kuno mu 1949 kuti izinyamula malasha omwewo. Amuna a kuno analowa m'migodi ya pansi ya Chipanga, ndipo pa ngozi ya mu 1977 ambiri sanatulukemo amoyo. Migodi yaikulu ya masiku ano itayamba, mabanja 1,365 anasamutsidwa mu 2009 ndi 2010, ena kupita ku Cateme ena ku dera la 25 de Setembro. Pakati pawo panali anthu a ku Chipanga amene ambiri ankadalira kuumba njerwa. Kampani ya Vale imene inatsegula mgodiwo inaugulitsa kwa Vulcan mu 2022. Makampani amasinthana, koma mudzi ukasamuka subwerera. Ngati mbiri ya midzi imeneyi siilembedwa tsopano, adzukulu athu sadzapeza ngakhale bwinja loti akaimepo.

Tete, mzinda wa atsamunda wa pakhomo pathu

Kuchokera ku Moatize ndi makilomita pafupifupi 20 kukafika pa mlatho wa Zambezi. Mlatho umenewu unatsegulidwa mu 1973 ndi dzina la Marcelo Caetano, mtsogoleri wa Portugal wa nthawi imeneyo, ndipo lero ukutchedwa Samora Machel. Dzina linasintha, koma manja amene anakweza zingwe zachitsulo zija sakutchulidwa m'dzina lililonse mwa awiriwa.

Tete ndi umodzi mwa mizinda yakale kwambiri imene azungu anakhalamo m'kati mwa Africa wa kumwera kuno. Apwitikizi anakhazikikapo m'zaka za m'ma 1530, koma monga tinaona ku Mexico, sanapeze thengo. Panali kale msika umene amalonda achiswahili ankagulirapo golide wa mu ufumu wa Mwenemutapa, ndipo m'mbali zonse za mtsinje munali midzi ya eni dziko. Wansembe Gonçalo da Silveira anadutsa pano mu 1560 popita kwa Mwenemutapa, kumene anaphedwa mu 1561. Imfa yake inakhala chifukwa chimene Portugal inatumizira gulu lankhondo la Francisco Barreto, amene naye anafera ku Sena mu 1573 asanaone migodi ya golide imene ankaifuna.

Mlendo wofika mumzindawu aone linga la São Tiago Maior m'mbali mwa mtsinje. Linga loyamba linamangidwa m'zaka za m'ma 1500, ndipo linamangidwanso pambuyo pake. Aonenso tchalitchi chakale cha dzina lomwelo ndi nyumba zina zakale za zipupa zochindikala ndi makhonde aakulu, zomangidwa motero chifukwa cha kutentha kwa kuno. Akatero afunse kuti chuma chomangira zonsezi chinachokera kuti.

Yankho lili m'mawu akuti prazo. Mfumu ya ku Portugal inkapereka zigawo zikuluzikulu za dziko la m'chigwa cha Zambezi kwa anthu ake kuti azilamulira ndi kutolera msonkho. Eni maprazo, amene ambiri m'kupita kwa nthawi anakhala a magazi osakanikirana, a Chipwitikizi, a ku Goa ndi a kuno, anali ndi asilikali awo a ukapolo otchedwa Achikunda. Amenewa ndiwo ankatolera msonkho wa chimanga ndi mapira, kusaka njovu, kupalasa mabwato ndi kugwira anthu. M'zaka za m'ma 1800 anthu ochuluka anatsitsidwa ndi mtsinje uno kupita ku Quelimane, kumene ankakwezedwa zombo zopita ku Brazil ndi ku zilumba za m'nyanja ya India. Portugal inaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri. Ena mwa ogwidwawo anali a kumpoto kwa Zambezi, dziko la Amaravi, ndiye kuti abale a makolo athu.

Maulendo otchuka amene amaphunzitsidwa kusukulu ananyamukira pano. Francisco de Lacerda anachoka ku Tete mu 1798 kupita kwa Kazembe ndipo anafera komweko. Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo mu 1831, ndipo Gamitto analemba zambiri za miyambo ya Amaravi ndi Achewa amene anawadutsa. Maulendo onsewa anatheka chifukwa cha mazana a anthu onyamula katundu ndi machila. Livingstone naye anafika pano mu Malichi 1856 ali wofooka, ataperekezedwa kuchokera kutali ndi amuna oposa 100 a kwa Amakololo. Iye anapita kwawo kukalandira ulemu, iwo anatsala pa Tete kumudikira zaka ziwiri akudula nkhuni ndi kugwira maganyu, ndipo ena anafa ndi nthomba. Atabwerera mu 1858 anapeza kuti mathithi a Cahora Bassa sangalole sitima yake kudutsa, choncho anatembenukira ku Shire. Kutembenuka kumeneko ndiko kunatsegula njira ya mamishoni a ku Malawi, ndipo ena mwa Amakololo pambuyo pake anakhala mafumu m'chigwa cha Shire.

Kunsi kwa mzindawu, pafupi ndi pamene Luenha amathira mu Zambezi, kuli malo a linga la Massangano. Mwini wake, António Vicente da Cruz wotchedwa Bonga, anagonjetsa magulu ankhondo a Apwitikizi kangapo pakati pa 1867 ndi 1869, ndipo lingalo linagweratu mu 1888. Tikamamutama Bonga chifukwa cha kulimba mtima, tisaiwale kuti nayenso mphamvu zake zinali pa misana ya akapolo. Mbiri yoona siikondera khungu.

Boroma, Mphatso ndi Wiriyamu

Makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa Tete kuli Boroma, kumene ansembe achijezuiti anayamba mishoni m'zaka za m'ma 1880 n'kumanga tchalitchi chachikulu cha São José pachitunda choyang'ana Zambezi. Ndi chimodzi mwa zomanga zokongola kwambiri m'chigawo chino. Ansembewo ankawombola ana kwa ogulitsa akapolo n'kuwaphunzitsa kuwerenga ndi ntchito zamanja. Mmodzi wa ansembe a mishoni ya Zambezi, Victor Courtois, analemba galamala ndi dikishonale ya Chinyungwe. Boma la Portugal litasintha mu 1910 Ajezuiti anathamangitsidwa, ndipo Ajeremani amene analowa m'malo mwawo anachotsedwanso pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Poyang'ana kutalika kwa zipupa zake, mlendo aganizire za amuna amene anaotcha njerwa ndi amayi amene anakwera chitunda chija ndi mitsuko ya madzi kuchokera kumtsinje.

Mishoni za Chipulotesitanti zinasiya zomanga zochepa m'chigawo chino, ndipo chifukwa chake n'chodziwika. Amishoni a Dutch Reformed anatsegula Mphatso m'dera la Angónia mu 1909 motsogozedwa ndi Mbusa A.G. Murray, koma mu 1922 boma la atsamunda linatseka ntchito yawo yonse. Kwa zaka zambiri Akhristu a kumeneko ankawoloka malire ndi miyendo kukapemphera ku Nyasaland. Mbiri yawo ili m'njira zimene ankayenda ndi m'makumbukiro a ana awo, ndipo imeneyi ndi yosavuta kutayika kuposa ya miyala.

Malo ena amene gulu lililonse liyenera kufikako ndi Wiriyamu, kumwera kwa Tete. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a atsamunda anapha anthu a m'midzi ya kumeneko, amuna, akazi ndi ana, okwana pafupifupi 400. Nkhaniyi ikanakwiririka pakanapanda opulumuka amene anaifotokoza ndi ansembe amene analemba mayina n'kuwatulutsa kunja. Inasindikizidwa m'nyuzipepala ya The Times ku London mu Julaye 1973 kudzera mwa wansembe Adrian Hastings. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal, António Costa, inapepesa poyera ili ku Maputo. Pamalopo pali chipilala cha chikumbutso. Apa ndi pamalo amodzi pamene mayina a anthu wamba analembedwa, ndipo n'chifukwa chake dziko silinathe kukana.

Kwa amene thumba lawalola

Amene angathe kupita kutali akaone Ilha de Moçambique, chilumba cha m'chigawo cha Nampula chimene chinali likulu la dziko lino kufikira mu 1898, ndipo bungwe la UNESCO linachiika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 1991. Kumeneko kuli kachisi wamng'ono wa Nossa Senhora de Baluarte wa mu 1522 ndi linga lalikulu la São Sebastião limene anayamba kulimanga mu 1558. Chilumbachi chili ndi mbali ziwiri, mzinda wa miyala kumene kunkakhala olamulira, ndi mzinda wa makuti, wa nyumba zofolera ndi masamba a kanjedza, kumene kumakhala anthu ambiri. Mukadzafika mudzaone kuti nyumba zambiri za mzinda wa makuti zili m'munsi mwa msewu, ngati m'dzenje. Ndi pamene anakumba miyala yomangira mzinda winawo. Palibe buku limene lingafotokoze utsamunda momveka kuposa dzenje limenelo.

Mawu kwa okayika

Alipo ena pakati pathu amene amati mabwinja ndi malo a mizimu, Mkhristu sayenera kupondako. Ena amati Boroma ndi Zóbuè ndi za Akatolika, ife sizikutikhudza. Enanso amati kukumba zakale kumangodzutsa mkwiyo. Kwa oyamba tinene kuti kukaona malo si kukapembedza, ndipo palibe amene akupemphedwa kuthira nsembe. Kwa achiwiri tinene kuti amene anaumba njerwa za ku Boroma anali anthu a m'midzi ya m'mbali mwa Zambezi, ndipo adzukulu awo ali m'mipingo yonse. Kwa achitatu tinene kuti ana athu adzamva mbiri imeneyi ndithu, kwa ife kapena kwa ena. Kuli bwino aimve kwa akuluakulu amene anaona nkhondo ndipo amadziwa mtengo wa mtendere.

Malangizo kwa okonza ulendo

Sankhani mwezi wa Juni kapena Julaye. Aliyense amene anafikako ku Tete mu Okotobala akudziwa chifukwa chake. Nyamulani madzi okwanira, ndipo ana aang'ono asayende dzuwa lili paliwombo.

M'galimoto musiye malo a agogo awiri kapena atatu, ngakhale asonkhe zochepa kapena asasonkhe konse. Iwo ndiwo angaloze pamene panali kantina, pamene anthu ankagwidwira chibalo, ndi njira imene anathawira. Pajatu akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Mukafika pamalo, yambani mwaonekera kwa mfumu kapena kwa oyang'anira malowo, ndipo pemphani munthu wa pamudzipo kuti akutsogolereni. Mumuthokoze ndi kenakake, popeza nthawi yake ndi ya mtengo. Ngakhale dziko lino linalengezedwa mu 2015 kuti lachotsa mabomba okwirira onse odziwika, si nzeru kulowa m'tchire la malo achilendo popanda mwini dera. Safunsa anadya phula.

Musalembe mayina anu pa zipupa, musatole miyala kapena mapale, ndipo musamvere mphekesera za chuma chokwiriridwa. Ku Sudan, kumene kuli mapiramidi oposa 200, ochuluka kuposa a ku Egypt, Mtaliyana wina dzina lake Giuseppe Ferlini anagumula nsonga za mapiramidi a ku Meroë mu 1834 pofunafuna golide, ndipo mpaka lero ali oduka mitu. Kuno kwathu lamulo nambala 10/88 la mu 1988 limateteza malo ndi zinthu zakale, ndipo wozigumula kapena kuzigulitsa ali ndi mlandu.

Zithunzi jambulani, koma pa Wiriyamu ndi pa manda alionse khalani monga mmene mumakhalira pa maliro. Sankhaninso mnyamata mmodzi ndi mtsikana mmodzi oti agwire kope ndi cholembera. Alembe tsiku, malo, dzina la wofotokoza ngati walola, ndi zimene wanena. Pobwera akawerengere gulu lonse, ndipo kopelo lisungidwe pamodzi ndi mabuku a mpingo.

Ntchito yoyambira pakhomo

Pomaliza, abale ndi alongo, funso lija tilibweretse kwathu. Nyumba zimene timapempheramo ku Moatize, ku Zóbuè ndi m'midzi ya pakati pake zambiri zinamangidwa kapena kukonzedwanso nkhondo itatha, anthu atangobwera kuchokera kothawa, opanda mbuzi ngakhale nkhuku. Pa mwala wa pakhomo, pamene ulipo, pamalembedwa dzina la mlendo wolemekezeka amene anadzatsegula nyumbayo. Nanga amene anaponda dothi, amene anagona pa uvuni usiku wonse kusonkhezera moto, amayi amene anatunga madzi ndi kuphikira amisiri, mayina awo ali kuti? Ambiri a iwo akadali moyo, koma chaka chilichonse timaperekeza ena kumanda.

Tikupempha alembi a mipingo ndi atsogoleri a achinyamata kuti chaka chino chisanathe akhale pansi ndi akuluakulu, alembe mayina a onse amene anagwira ntchito yomanga, mudzi ndi mudzi, ndi ntchito imene aliyense anagwira. Sizifuna ndalama ya galimoto, zikungofuna kope limodzi ndi masana a Loweruka awiri kapena atatu. Gulu limene lachita zimenezi likadzaima pa linga la ku Tete kapena pachitunda cha Boroma, silidzasowa chofunsa.

Amene mwayenda kale m'malo amene tatchulawa, kapena mukudziwa bwinja lina la m'dera lanu limene sitinalitchule, tilembereni kudzera kwa mlembi wa mpingo wanu. Makalata anu tidzawagwiritsa ntchito m'gawo lino miyezi ikubwerayi. Muyende bwino.